Ku Makwasa, Kumene Nkhungu Imalowa Mpaka M'sutikesi

Mawu akuti nkhungu ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa. Pali nkhungu yokuta mapiri m'mamawa, ndiye pali ina ija imamera pa nsapato ndi pa jekete zikakhalitsa pachinyontho. Ku Makwasa, m'boma la Thyolo, ziwirizi zimayendera limodzi. Ikagwa yapanja, dziwani kuti yam'nyumba ili m'njira.

Tinapitako m'mwezi wa July, anthu asanu a utumiki wa zaumoyo a mumpingo mwathu, titaitanidwa ndi anzathu a kumeneko kuti tikayende nawo khomo ndi khomo kwa masiku anayi. Nkhani zomwe tinakonzekera zinali za masiku onse: madzi akumwa, zimbudzi, maneti, kuthamanga kwa magazi. Ya kasungidwe ka zovala inadziitana yokha, chifukwa m'nyumba zambiri choyamba kutilonjera chinali fungo la nsalu yosauma bwino.

Kuchoka pa Limbe, minibasi imadutsa pa Bvumbwe, pomwe kabichi, mbatata ndi milu ya kaunjika zimayalidwa m'mbali mwa msewu. Mukapitirira pang'ono minda ya tiyi imayamba, yobiriwira ndi yosalala pamwamba ngati yometedwa ndi lumo. Pa boma la Thyolo msewu umagawikana. Wina umapita ku Luchenza ndi ku Mulanje, winawo umalowera kummwera ku Makwasa, ndipo ukapitirira umatsika mapiri kudzera ku Thekerani mpaka ku Muona, kuchigwa cha Shire. Kukakhala koyera, phiri la Mulanje limaoneka chakum'mawa. Ife sitinalione mpaka tsiku lomaliza.

Chinaliphimba ndi chiperoni. Iyi ndi mphepo yozizira ndi yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ya India kudzera ku Mozambique, ndipo dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo. Chimakonda miyezi ya May mpaka August. Chikafika chimakhala masiku atatu, anayi, mwinanso sabata yathunthu, dzuwa osaoneka, kamvula kakungowaza mawawa. Tiyi amakondwa nacho, n'chifukwa chake amachita bwino kuno. Koma mayi amene wachapa Lolemba amafika Lachinayi thewera likadali lozizira m'manja.

Onjezeranipo kuchepa kwa malo. Pa kalembera wa 2018, m'boma la Thyolo munapezeka anthu oposa 700,000, chonsecho nthaka yaikulu ili m'maesiteti a tiyi ndi makademiya. Motero midzi ndi yothithikana, ndipo nyumba zambiri zomwe tinalowamo ndi za pabalaza ndi kuchipinda basi. Kuchipindako ndi kogona, ndi kosungirako matumba a chimanga, ndi kobisako njinga usiku. Ndiye zovala za anthu asanu ndi mmodzi zipezenso malo komweko.

Kwa ife a Adventist, Makwasa ndi kwathu. Mishoni ya Malamulo, yomwe ili pa mtunda wa pafupifupi makilomita 65 kuchokera ku Blantyre, inayamba mu 1902 pamene mpingo unagula malo a Plainfield kwa a Seventh Day Baptist, ndipo mmishonale woyamba kukhalapo anali Thomas Branch. Dzina la Malamulo linabwera mu 1907. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, malowa anatchuka ndi ntchito yosamalira odwala khate. Madzulo ena tikuwotha moto, mkulu wa mpingo amene anatisunga anatikumbutsa kuti m'malamulo a Mose nacho chovala chinkatha kugwidwa ndi nthenda. Pa Levitiko 13:47-59, chovala chotuluka banga lobiriwira kapena lofiira chinkapita kwa wansembe, n'kutsekeredwa masiku asanu ndi awiri. Banga likafalikira chinkatenthedwa. Likapanda kufalikira chinkachapidwa n'kuonedwanso. Ambiri timadumpha mavesi amenewa powerenga, koma amene wagonapo ku Thyolo m'chiperoni amawamva msanga.

Nyumba yomwe inatiimitsa nthawi yaitali tsiku loyamba sinali ya anthu ovutika. Inali ya njerwa zowotcha, yamalata, yasimenti pansi. Mayi a pakhomopo anatidandaulira za mwana wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi. "Masana amasewera bwinobwino," anatero, "koma kukangoda ayamba kutsokomola, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka." Kuchipatala anali atapita naye kale ndipo anauzidwa kuti ndi mphumu. Mankhwala anali nawo. Tinapempha kuona komwe mwanayo amagona. Kuchipinda kwa eni sikulowedwa wamba, choncho tinalowa azimayi okhaokha, azibambo n'kutsala pakhonde.

Munali wadiropu yaikulu ya zitseko zitatu, yagalasi pakati, yokongola ndithu. Inali itagundana ndi khoma la kummwera. Apa mpofunika kumvetsa: m'nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye khoma la kummwera sililiona ngakhale kunja kutayera, komanso ndi mbali yomwe chiperoni chimawomba. Titaikankha wadiropuyo tinapeza khoma lakuda bii kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ndi thabwa lakumbuyo litafufuma. Mkati zovala zinali zitapanikizana moti kutulutsa hang'ala imodzi kunkakoka zina zitatu. Suti ya bambo inali ndi timadontho totuwa paphewa, nsapato zapansi zitamera ubweya wobiriwira. Mphasa ya mwana uja inkayalidwa pomwepo, mutu utaloza kuwadiropu.

Sitinganene kuti nkhungu ndiyo inabweretsa mphumu. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti chinyontho ndi nkhungu za m'nyumba zimayendera limodzi ndi kutsokomola, kubanika ndi kukula kwa mphumu. Mankhwala a kuchipatala amagwira ntchito movutika ngati mwana akubwerera kukapuma mpweya womwewo usiku uliwonse. Ndipo tinanena pakhomopo, monga tinanenera pamakomo onse, kuti chifuwa chopitirira masabata awiri n'chokayezetsa TB, osangoti ndi kuzizira.

Ntchito inatenga masana onse. Tinatulutsa zovala zonse pakhonde, popeza nkhungu siyenera kukutumulidwira m'nyumba. Khoma linatsukidwa ndi madzi othira jiki pang'ono, mawindo ali otsegula, mwana ali kwa anzake. Wadiropu inasamukira kukhoma la pakati pa nyumba, itakhala pa njerwa zinayi, kumbuyo kwake kutatsala mpata wolowa dzanja. Koma chovuta chinali mulu uja pamphasa. Munali yunifolomu ya kupulayimale ya mtsikana amene tsopano ali Fomu 3, madiresi atatu a pa maukwati ovalidwa kamodzi, mathalauza amene bambo anasiya kukwana kalekale, ndi majuzi a kaunjika ogulidwa chifukwa anali otchipa. Mayiwo ankanyamula chilichonse n'kuseka okha. Pamene zovalidwadi zinabwerera m'wadiropu, panali mpata wa zala ziwiri pakati pa hang'ala ndi inzake. Iwo anali akusunga ndalama zogulira wadiropu yachiwiri.

Tsiku lachiwiri tinatsetsereka kanjira kamatope pakati pa nthochi mpaka kwa anganga ena a zaka za m'ma 70, amene amalera adzukulu atatu m'nyumba yazidina yofolera udzu. Wadiropu analibe, ndipo m'nyumba mwawo simunkanunkha chinyontho. Tinakhalitsa pamenepo kufuna kudziwa chifukwa chake.

Kuchipinda anamangirira nsungwi imodzi yowongoka, yolendewera ndi waya kuchokera kumtanda wa denga, motalikirana ndi khoma ngati mkono umodzi. Pansungwipo panali zinthu zowerengeka: yunifolomu yawo ya Dorika, diresi la Sabata, juzi, ndi malaya a sukulu a ana. Mahang'ala anali opinda okha ndi waya. Pamwamba pake anayalapo chitenje chakale chotchinga fumbi ndi mwaye, koma m'munsi munali mosatseka. "Pulasitiki ayi, ana anga," anatero titafunsa. "Pulasitiki imachititsa thukuta. Chovala chimafuna kupuma."

Zitenje sanazisanjikize chimodzi pamwamba pa chinzake monga timachitira ambiri. Chilichonse anachipinda n'kuchikulunga ngati mkeka, n'kuziimika m'dengu, kotero kuti ukasuzumira umaziona zonse n'kusolola chomwe ukufuna popanda kugwetsa zina. M'dengu limodzi lapakati munalowa zitenje khumi ndi ziwiri ndi maduku pakati pake. Mdzukulu aliyense anali ndi dengu lake, lomangidwa kansalu ka mtundu wake pachogwirira, ndipo lamulo linali lakuti dengu likadzadza, china chituluke chisanalowe chatsopano. Madenguwo sanali pansi. Anali pathandala lalifupi la nsungwi, longa loyanikapo mbale, lotalika kufika m'mawondo, ndipo pansi pake pankasesedwa tsiku lililonse. Nsapato zinali pakashelefu ka thabwa limodzi pamwamba pa chitseko, malo omwe m'nyumba zambiri amangokhala a akangaude. Sutikesi ya zovala za nyengo yotentha inali kunsi kwa bedi, itakhala pa njerwa ndi timatabwa tiwiri. Ikafika October, majuzi ndi amene amalowa m'menemo atachapidwa ndi kuuma gwa, ndipo bulangete lowonjezera amalipinda n'kuliyala kunsi kwa matiresi.

China chomwe tinachiona ndi kachingwe kafupi pafupi ndi windo. Chovala chomwe chavalidwa koma sichinade sichibwerera m'dengu tsiku lomwelo. Chimagona pachingwepo kuti thukuta liume. Chakuda chimapita m'dengu lina pabalaza. Kusakaniza zovalidwa ndi zochapa ndi kumene kumaitana mphemvu ndi njenjete, chifukwa tizilomboti timatsata thukuta ndi madontho a ndiwo. Ndipo m'mawa uliwonse, kaya kuli chiperoni, anganga amatsegula windo ndi chitseko kwa kanthawi kuti mpweya wa usiku utuluke. Anthu anayi akagona m'chipinda chotseka, mpweya wawo womwe umanyowetsa makoma. M'buku la The Ministry of Healing, lomwe linatuluka mu 1905, Mayi Ellen White anaika mpweya wabwino ndi kuwala kwa dzuwa patsogolo potchula mankhwala achilengedwe. Timaphunzitsa zimenezi pa misonkhano ya misasa chaka ndi chaka, koma kawirikawiri timaganiza za mapapu okha, osati za dengu la zovala.

Nsungwi ili ndi vuto lake limodzi, ndipo tisalibise. Zovala zolendewera m'chipinda chamdima ndi malo omwe udzudzu umakonda kupumirapo masana. M'mapiri a Thyolo m'nyengo yozizira udzudzu ndi wochepa, koma kukatentha, kapena kwa abale athu a ku Muona ndi ku Nsanje, nkhaniyi ndi yaikulu. Kumeneko zolendewera zikhale zochepa zedi, zizikutumulidwa tsiku lililonse, zotsalazo zikhale m'sutikesi yotseka. Neti nayo si chingwe choyanikapo. Tinapeza maneti angapo atang'ambika chifukwa cholemedwa ndi matawulo.

Chomwe chinatidetsa nkhawa kwambiri m'makomo ena ndi mbaula. Matewera akakana kuuma, mayi amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kuyanika pamwamba pake, n'kutseka windo kuti kutenthe. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndipo banja lonse likhoza osadzukanso. Palinso ngozi ya nsalu kugwera pamoto. Ngati kuyanika pamoto n'kosapeweka, kuchitikire kukhitchini kapena pakhonde pomwe mphepo ikudutsa, munthu wamkulu ali pomwepo, ndipo mbaula isagone m'nyumba. Khonde lokhala ndi chingwe kunsi kwa denga limaumitsa pang'onopang'ono ngakhale m'chiperoni, bola zovala zikamulidwe kwambiri ndi kuyanikidwa motalikirana.

M'masutikesi ambiri tinapezamo timibulu toyera tija tonunkha, tothamangitsa njenjete. Tambiri mwa ito timapangidwa ndi naphthalene, yemwe ndi poizoni. Mwana wokwawa amatiyesa maswiti. Komanso pali ana ena, ndipo mu Africa muno si ochepa, amene amabadwa ndi magazi osapirira mankhwalawa, kotero kuti kungovekedwa zovala zomwe zinasungidwa nawo kukhoza kuswa magazi awo n'kuwachititsa chikasu. Makolo sangadziwe ndi maso kuti mwana wawo ndi wotero. Uphungu wathu unali umodzi: m'nyumba ya khanda timibuluti tisapezekemo, ndipo zovala za mwana zomwe zinasungidwa nato zichapidwe ndi kuyanikidwa bwino asanazivale. Njenjete imagonja ndi kuchapa musanasunge ndiponso kutulutsa padzuwa nthawi ndi nthawi.

Pa simbi sitinavutike kuphunzitsa, chifukwa anthu a ku Thyolo amaidziwa ntchito yake. M'chiperoni simbi ya makala ndi imene imamaliza kuumitsa. M'dzinja imateteza ku mphutsi zolowa m'khungu. Pali ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo kapena pa zovala zachinyezi, makamaka zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi. Timphutsi tikaswa timadikira pansalupo, n'kulowa m'khungu la wovalayo, ndipo pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ana ndi amene amavutika nacho kwambiri. Kuyanika pachingwe padzuwa m'malo mwa pa udzu, ndi kusita mbali zonse, makamaka m'misoko ndi m'malamba a kabudula, kumathetsa vutoli. Simbi yomweyo imaphanso nsabwe za m'zovala, zomwe zimabisala m'misokomo. Pakhomo pomwe pagwa mphere, onse a m'nyumba alandire mankhwala nthawi imodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ndipo zosachapika zimangidwe m'thumba kwa sabata imodzi, popeza kachilombo ka mphere sikakhala masiku ambiri kunja kwa thupi la munthu. Apa pokha ndi pomwe pulasitiki ili ndi ntchito.

Tinene mosabisa za kaunjika. Watithandiza, ndipo palibe mmodzi mwa ife asanu amene sanali atavala chake tsiku limenelo. Koma watiphunzitsanso kugula chinthu chifukwa cha mtengo, osati chifukwa chakuti tikuchifuna. Belo likatsegulidwa pamsika timatola juzi lachisanu tili ndi msana umodzi. Makolo athu ankasowa chovala, ife ambiri tikusowa pochiika, ndipo m'mudzi womwewo muli mwana wopita kusukulu m'chiperoni atavala malaya okha. A Dorika a kumeneko anatiuza kuti June ndi July ndi miyezi yomwe amafunsidwa majuzi ndi mabulangete kuposa china chilichonse. Anadandaulanso chinthu china, ndipo ali ndi zifukwa: anthu ena amabweretsa sanza, zong'ambika ndi zankhungu, ngati kuti gulu la Dorika ndi dzala. Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9, ankasoka yekha zovala zomwe amasiye ankatha kuzionetsa kwa anthu. Chopereka chichapidwe, chisokedwe pong'ambika, chisitidwe. Chomwe chatha chikhale chokolopera kapena chopondera pakhomo, osachipatsa munthu.

Lachisanu, tsiku lathu lomaliza, chiperoni chinatha ndipo phiri la Mulanje linaonekera. Pofika 9 koloko mudzi wonse unali pazingwe: mabulangete, masuti, madiresi oyera a kwaya, mayunifolomu a Pathfinder, aliyense kuthamangitsana ndi dzuwa kuti za Sabata zikhale zokonzeka lisanalowe. Khomo lomaliza linali la mayi amene anataya amuna awo zaka zinayi zapitazo. M'chipinda chawo chaching'ono munali bokosi lalikulu lachitsulo lomwe linkadya malo a munthu mmodzi wogona, ndipo ana awiri ankagona mopanikizana pafupi nalo. Achibale anagawana katundu wina pambuyo pa maliro monga mwa mwambo, koma bokosili anawasiyira, ndipo silinatsegulidwepo chiyambire.

Pa zinthu ngati izi munthu sulamula. Tinangonena kuti dzuwa lilipo lero, ndipo ngati angafune tingawathandize kunyamulira panja kuti zam'katimo ziwombedwe mphepo. Anakhala chete kanthawi, kenako anakatenga kiyi m'kansalu. Pansi pa bokosilo panali patachita dzimbiri, ndipo malaya awiri apansi anali atadyeka moti sakanavalikanso. Enawo anali abwino. Anawatulutsa mmodzimmodzi, kutiuza komwe lililonse linagulidwa. Malaya anayi ndi juzi anaika padera. "Awa mukawapatse a Dorika, amayi," anauza mnzathu wa kumeneko. "Pali anyamata aja a kumtsinje." Thalauza limodzi anati akalichepetsa kwa telala kuti mwana wawo wamkulu azivala. Jekete lakuda, lomwe bambowo ankavala potumikira monga dikoni, analiyanika okha pachingwe n'kulipukuta ndi kansalu kouma. Mnyamata wa pafupi anadula nsungwi n'kuimangirira kumtanda, kutali ndi khoma la kummwera, ndipo jeketelo linakalendewera kumapeto kwake litaphimbidwa ndi chitenje. Bokosi analiimika pakhonde kuti liume, n'kunena kuti likapakidwa penti muzikhala mbale. Minibasi ya ku Limbe tinaikwera 2 koloko, kuti tikafike kwathu dzuwa lisanalowe.